Madzi Otsukira Injini ya Boti

Chaka cha kolera tinkakhala ku Budiriro, lokeshoni ya mu Harare, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake, ine, bambo a mwana, ndi mwana wathu wamkazi amene anali atangoyamba kuimirira chogwira khoma. Pampopi panali pouma kuyambira kale, ukatsegula unkangomva kupuma. Tinkatunga pachitsime chokumba ndi manja kumapeto kwa mzere wa nyumba zathu. Mvula itayamba mapaipi a zimbudzi anaphulika, zonyansa zinkayenda mumsewu, ndipo ine ndinaziona ndi maso angawa zikutsetserekera kumene kunali chitsimecho. Mjigo unalipo, kuno amati chibhorani, koma panali anyamata odziika okha ufumu, amene ankayamba adzaza migolo yawo yogulitsa, ndipo mkazi wobereka mwana ankangomukankha ndi chigongono.

Mwana wa mnzanga wa chipinda choyandikana nafe anayamba kutsegula m'mimba m'mawa, dzuwa lisanalowe anali atapita. Mayi ake madzi ankawiritsa, ine mboni, ankasonkhezera ndi nsapato zakutha chifukwa magetsi kunalibe, nkhuni kunalibe, koma mwana anapitabe. Ndinathandiza nawo kuchapa nsanza zake, ndiye ndinaona zimene amatulutsa munthu wa nthendayo: zoyera, madzi okhaokha, ngati otsukira mpunga. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inali imodzi, kusuzumira m'thewera la mwana wanga. Akagona ndisuzumire, akadzuka ndisuzumire, akangokwinya nkhope mtima wanga uli phaa. Mawere anga anali atayamba kuuma ndi njala, ndiye mwana ankafuna madzi, ankafuna kaphala, ndipo madzi amene ndikanamupatsa ndi mtima umodzi ndinalibe.

Bambo a mwana ankagwira ganyu ku Workington, pagalaja yokonza maboti. Poyamba ndinkaseka, maboti mu Harare ayenda pati? Koma alipo anthu ake, amawakoka ndi galimoto mpaka ku Kariba ndi ku Zambezi, kukasewera pamadzi, n'kubwerako atapsa ndi dzuwa. Pagalajapo anali ndi mjigo wawo wa injini, madzi oyera oti mbee. Masiku oyamba bambo a mwana ankabwera ndi chigubu panjinga, mpaka pamene wantchito wina anagwidwa akugulitsa madziwo, bwana n'kuletsa onse. Kenako nthenda itakula, bwanayo anati aliyense wokhala ku Budiriro asapondenso pageti pake. Bambo a mwana ananama kuti ife tinasamukira ku Hatcliffe, kwa azakhali awo. Anandiuza zimenezi atandigwira mkono mpaka kuwawa.

"Kumene kuja usadzafikeko. Wamva? Ngakhale utamva kuti ndafa, usadzafikeko."

Loweruka lina iwo atapita kuntchito, mwana anatsegula. Ndinathamangira nalo panja thewera kuti ndilione padzuwa, koma nsanza yake inali yakuda ndi kutha, inali itamwa zonse, sindinathe kudziwa ngati zinali zoyera kapena zachikasu. Ndinanunkhiza, ndinapenda, ndinakaonetsa mnzanga woferedwa uja, iye anangotembenukira kukhoma. Mwana ankanyambita milomo. Ndinadziwa kuti akatsegulanso afunika madzi a mchere ndi shuga, ambiri, oyera, ndipo malo a madzi oyera ndinkadziwa amodzi okha. Ndinamumanga thewera lina, nalonso lakutha, ndinamubereka, chigubu m'manja, ulendo. Ndalama ya kombi, minibasi za kuno, ndinalibe. Ndinayenda mpaka pamsewu waukulu, lole ya njerwa inandinyamulako pang'ono, kwinako wapansi, dzanja limodzi lili kumbuyo pansi pa mwana, kumvetsera ngati pafunda.

Mlonda wa pageti ndinamuuza kuti ndabweretsa chakudya cha bambo a mwana. Anayang'ana chigubu chopanda kanthu, anayang'ana mwana, n'kutsegula kageti kakang'ono.

Chimene ndinayamba kumva ndi madzi. Madzi akuthamanga pasimenti, akunyezimira padzuwa, akulowa m'ngalande ya mphepete mwa mpanda. Pakati pa bwalo panali boti loyera la mzere wabuluu, litakwera pangolo yake ya matayala, kumbuyo kwake chiinjini chakuda chotalika ngati munthu. Pansi pa chiinjinicho panali bambo a mwana, mu ovolosi, atagwada, atagwirira paipi ya madzi pamwendo wa injini. Ndi mmene amachitira: boti likachokera kumtsinje amailiza injini pamtunda n'kumaimwetsa madzi oyera kuti itsukuluze mchenga wa m'mimba mwake, ndipo wogwira paipi sasiya, akasiya injini ipsa. Nthawi imeneyo anali asanailize. Eni ake anali asanathe kucheza, ndiye paipi inkangotaya madzi choncho, kudikira.

Bambo a mwana anandiona. Nkhope yawo inachita ngati ya munthu woponda njoka. Kenako anabweza maso papaipi, ngati wafika ndi mlendo wa wina.

Pamthunzi wa denga la malata panali anthu atatu pamipando ya nsalu, bokosi la ayezi pakati pawo, nyama ikupsa pa theka la mgolo. Panali bwana wa galaja, mzungu wokalamba wa khosi lofiira. Panali adona eni boti, owonda, magalasi akuda ali pamutu. Wachitatu anali bambo wakuda ngati ine ndemwe, wonenepa, wa chipewa choyera cha akaputeni a pamadzi. Onse anali atangobwera kumene kuchokera ku Zambezi.

Ine ndinabadwira papulazi, famu ya mzungu. Makolo anga anachokera ku Malawi kudzathyola fodya, ndipo tinabwera m'tauni mapulazi atalandidwa. Papulazi wofuna kanthu sankagogoda. Ankakhala pansi pa mtengo wa kuseri kwa khitchini, miyendo chotambalala, maso pansi, pakamwa chotseka, mpaka adona asuzumire pawindo n'kutuluka kudzafunsa. Wopempha sayamba kulankhula, ankatero mayi anga, ukayamba ndiwe wamwano ndipo ubwerera chimanjamanja. Mankhwala a malungo, shuga, bulangete lakale, zonsezo mayi ankazipeza ndi kukhala pansi. Njira ina yopemphera ine sindinkaidziwa. Ndiye ndinasankha malo pafupi ndi mulu wa matayala, pamene akanandiona bwino, ndinatambalala, chigubu patsogolo, n'kuyamba kudikira.

Chizungu cha m'buku ndilibe, sukulu ndinalekeza giredi faifi, koma cha pakhonde ndimachimva, ndinakulira kumbuyo kwa mayi anga akusita zovala za azungu. Zonse zimene ankakamba zinkandilowa.

"Ine ndikuti inali mvuu," anatero adona. "Boti linanyamuka lonse."

"Chinali chitsa," anatero bwana. "Ikanakhala mvuu bwenzi pano tikukonza maliro, osati injini."

"Chitsa chimapuma? Chitsa chili ndi makutu?"

"Funsani kaputeni wathuyu. Ndi amene anaona bwino, anali chigonere pansi m'boti, chipewa kumaso, akuitana amayi ake."

Wachipewa anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Ndinkafuna nyambo imene inagwa, mdala. Nanga nsomba yaikulu anagwira ndani? Mcheni uja, mano ngati misomali, anaukoka ndani?"

"Unaukoka utavala majekete awiri oyandamitsa. Munthu wokwera boti osadziwa kusambira!"

"Kusambira n'kwa amphawi. Ine ndimakwera boti kuti ndisanyowe."

Anaseka onse, anagundanitsa mabotolo. Bwana anatembenuza nyama, fungo lake linafika pamene ndinali, mwana anayamba kufunafuna ndi mphuno kumsana kwanga. Ndinamugwedeza pang'onopang'ono kuti asalire, chifukwa mwana wolira naye ndi mwano, amadula nkhani za akuluakulu.

"Chimene sindidzakhululukira ndi ayezi," anatero adona. "Kutha pakati pa ulendo! Njovu zikuwoloka patsogolo pako, mtsinje uli phee, iwe uli ndi mowa wofunda m'manja."

"Dziko latha ili," anatero bwana.

"Latheratu. Ndafika kunyumba ndapeza dziwe losambira labiriwira ngati msipu, wa m'munda akuti mankhwala ake atha. Chakudya cha agalu m'masitolo mulibe. Panopa ndikuwaphikira nkhuku ndi mpunga, ndipo wamng'ono uja mpunga akuukana."

Atangotchula mpunga dzanja langa linapita lokha pansi pa mwana. Panali pouma.

"Tumizani ku Joni, adona, lole yanga ikupita sabata ino," anatero wachipewa. "Ndikubweretserani ndi dizilo yemwe. Koma mdalayu sindimubweretsera kanthu, mpaka avomere kuti nsomba yake inali yaing'ono."

"Yanga inathawa ndi mbedza. Ikanatuluka ija, yako bwenzi tikuti nyambo."

"Zothawa zonse zimakhala zazikulu. Ngakhale mkazi wanga woyamba, anthu amati anali wokongola."

Mthunzi wa matayala unandichoka, simenti inayamba kuotcha m'miyendo. Adona anandiyang'anapo kamodzi, maso awo anadutsa pa ine ngati mmene anadutsira pamatayalawo. Ndinaweramitsa mutu kwambiri kuti aone kuti ndine waulemu. Palibe anabwera. Iwo anali pa nkhani ya ng'ona imene inagona pamchenga pafupi ndi tenti yawo, kenako ya msewu wa maenje umene unathyola tayala la ngolo, kenako ya dokotala wa mano amene wathawira kunja osamaliza dzino la bwana. Madzi osaleka kuthamanga pasimenti, oti akanamwa mzere wathu wonse n'kusamba. Kamtsinje kena kanapatuka, kanadutsa pafupi ndi chidendene changa, ndinakayang'ana mpaka kukalowa m'ngalande. Mwana anatopa, analira kulira kwenikweni.

"Tonthola mama, tonthola, taona boti, tonthola."

Wachipewa anatembenuka ndi mpando womwe.

"Aaa! Chinyanja chimenecho? Wakwathu uyu!"

Anabwera ndi botolo lake m'manja, n'kuima pamwamba panga. Ankalankhula Chichewa cha akuluakulu akale, chosakaniza ndi Chishona.

"Bambo anga anali kuki wochokera ku Nyasalande, ine ndinabadwira mulokeshoni momwe muno. Mlongo, wakhaliranji pansi ngati uli pamaliro? Kuno si kupulazi. Ukhala mpaka kumera mizu, palibe akubwera kudzakufunsa."

Ndinawomba m'manja. "Zikomo bambo. Ndine mkazi wa awo ali papaipiwo. Ndimapempha timadzi ta mwana."

"Mumakhala kuti?"

"Ku Hatcliffe, bambo."

Sanayang'ane nkhope yanga, anayang'ana mapazi. Ndinayesa kuwabweza m'chitenje koma ndinachedwa.

"Ku Hatcliffe. Wadutsa tauni yonse wapansi, chigubu m'manja, mwana kumsana. Koma dothi la ku Hatcliffe ndi lofiira, mlongo. Ili lili kumapazi kwakoli ndi lakuda." Anamwetulira, anaika chala pakamwa. "Usaope. Ife Mabulandaya, ana a ku Nyasalande, sitigulitsana."

Anatembenukira anzake n'kuwauza m'Chizungu zimene ndinkafuna. Bwana anakuwira bambo a mwana.

"Iwe! Ndi wako uyu?"

"Inde bwana. Sindinamuitane, bwana."

"Lamulo ukulidziwa. Ndikapatsa mmodzi, mawa ndipeza lokeshoni yonse pageti ndi zidebe. Madzi a mupaipi ndi a ntchito."

"A mupaipi ndi a ntchito, tamva mdala," anatero wachipewa, maso ake akusewera. "Nanga amene injini yamwa kale? Akatuluka ndi a ndani?"

Bwana anaganiza, kenako anaseka. "Amenewo ndi a ngalande."

"Basi. Lero ngalande yabwera ndi chigubu chake."

Adona anamumenya paphewa, akuti ndinu woipa inu, koma akuseka. Bwana anapukuta manja, anakwera m'boti, anapotokola kiyi. Injini inakhosomola, inabangula, utsi wabuluu unadzaza kumbuyo konse. Kenako m'mbali mwa injini munatuluka kamadzi kowonda, kothamanga, ngati kamwana kakukodza.

"Ikukodza, mlongo, thamanga!" anakuwa wachipewa. "Mwana amweko Zambezi! Anzake amalipira zambiri kuti akangoiona!"

Ndinathamanga. Ndinagwada pafupi ndi bambo a mwana, bondo langa kukhudza lawo, iwo osandiyang'ana. Oyamba kutuluka anali ofiirira, a mchenga.

"Dikira ayere," anatero m'kati mwa mano. "Wandipha, mkazi iwe. Dikira ayere."

Atayera ndinatchera chigubu. Koma kamadziko kankagwedezeka ndi injini, kukamwa kwa chigubu n'kochepa, ndikachigwira ndi dzanja limodzi madzi ankapita pambali, pankafunika manja onse awiri. Utsi unkawomba kumsana kwanga, mwana anayamba kutsokomola, kulira, kudziponya chagada. Ndinaona mapazi a adona atandiimirira pambali.

"Kalanga ine, kamwana kakutsamwa! Bwera nako kuno."

Anatambasula manja. Papulazi adona akatambasula manja umapereka, kaya ndi dzira kaya ndi mwana. Ndinamasula chitenje ndi dzanja limodzi, mwana anachoka kumsana kwanga, pamene anali panazizira. Ndinkaganiza kuti apita naye pamthunzi. Ayi, anakwera naye pakamakwerero, kulowa naye m'boti, n'kumukhazika pampando woyera wa woyendetsa. Anamugwiritsa chiwongolero ndi timanja take. Wachipewa anavula chipewa chake, anatambasuka n'kumuveka, chinamumira mpaka pachibwano. Mwana anachikankha, nkhope inatulukira, anaseka.

"Kaputeni watsopano!" anakuwa bwana. "Uyu ndiye sangabisale mvuu ikabwera!"

"Ndipo jekete safuna ngakhale limodzi!" anatero adona.

"Mpatseni nthawi, akula adziwa kuti madzi amapha," anatero wachipewa.

Anapitiriza kucheza mokuwa, pamwamba pa phokoso la injini. Akuti pa Khirisimasi akatenge boti lalikulu la ku Kariba, la zipinda zogona, lokhala ndi kuki wake. Akuti ulendo uno ayezi agule wodzaza ngolo. Adona akuti agalu awatenga, sangawasiyenso ndi wantchito, wachipewa akuti atengedi, ng'ona nazo zimafuna Khirisimasi. Ine diso limodzi m'chigubu, lina m'mwamba. Madzi ankakwera pang'onopang'ono, ofunda, ndinkawamva kudzera m'pulasitiki. Ndinkapemphera chinthu chimodzi, kuti chigubu chidzaze mwana asanachite kanthu, ndichoke, ndikaone ndekha kunjira, kaya n'zotani ndikazione ndekha.

Koma nkhope ya mwana wanga ndimaidziwa. Anasiya kuseka. Anakhala duu, anakwinya pamphumi, anagwiritsa chiwongolero.

"Adona!" ndinafuula. "Adona, ndipatseni!"

Injini inameza mawu anga. Kusiya chigubu sindinasiye, manja anakana, madzi anali akulowabe.

Thewera lakutha lija silinagwire kanthu. Zinatsika m'mwendo, zinayenda pampando, zinafika padzanja la adona limene linamugwira m'chiuno. Adona anakuwa kukuwa kumene sindinamvepo kwa mzungu. Bwana anazimitsa injini. Kunangoti zii, kumveka madzi a paipi okha. Ndipo mu zii mmenemo wachipewa, amene anali atalumphira kale kutali, ananena m'Chizungu kuti aliyense amve.

"Ndinadziwa ine! A ku Budiriro awa! Taonani mapazi akewo!"

Sindikumbuka kuti ndinatseka liti chigubu, koma ndinachitseka, ndinachiimika bwino. Ndinaponda patayala la ngolo, ndinadzikoka, ndinagwera m'boti. Palibe anandiletsa, palibe amene ankafuna kundikhudza. Adona anali ataima pakona, manja atawatalikitsa ndi thupi lawo ngati si awo. Mwana ankalira, chipewa chitagwera pamiyendo. Sindinayambe ndi kumunyamula. Ndinayamba ndi kuwerama pampando. Mpando unali woyera oti mbee, dzuwa lili pomwepo, panalibe nsanza yakuda yobisa kanthu.

Zachikasu. Zachikasu, zolimbako, muli ndi timibulu ta phala la dzulo. Ndinaika chala, ndinapenda, ndinanunkhiza. Fungo la mwana wamoyo, loipa bwinobwino. Ndinakhala pansi m'botimo, mwana pachifuwa, ndipo ndinayamba kuseka. Ndinayesa kutseka pakamwa, kuseka kunkatulukira m'mphuno.

"Akuseka!" anatero adona, misozi ili mbwee. "Taonani, akuseka!"

"Tsika m'boti!" anakuwa bwana. Kenako anatembenukira bambo a mwana, amene anali chigwadire ndi paipi m'manja, ngakhale injini inali itazima. "Iwe, unandinamiza. Vula ovolosi, isiye pomwepo, tiiotcha. Tenga njinga yako."

"Bwana, mwana ali bwino, ndi mano akumera, bwana. Taonani mtundu wake, bwana."

"Ndione chiyani? Tuluka!"

Anawalanda paipi. Anayamba ndi kutsuka manja a adona, mpaka m'mapewa, kenako mpando, chiwongolero, chipewa, pansi pamene ndinakhala, patayala pamene ndinaponda. Anaitanitsa mankhwala oyeretsera, anakhuthula botolo lonse, n'kuthiranso madzi. Wachipewa naye anabwera atatambasula manja.

"Ndithireninso ine, mdala, ndinamuyandikira. Thirani kwambiri. Nsapato zomwe."

Madzi ankatuluka pabowo la kumbuyo kwa boti ngati mvula ya padenga, bwalo lonse linasanduka dziwe, ndinadutsa momwemo ndi mapazi anga akuda aja, n'kutola chigubu changa. Mlonda ulendo uno anatsegula geti lalikulu, n'kuima patali.

Bambo a mwana anali patsogolo, m'kabudula ndi vesiti, akukankha njinga. Pakaliyala panalibe kanthu koma sananene kuti ika chigubu apa. Ndinachisenza pamutu, mwana kumsana, thewera nditalikulunga m'pepala. Madzi sanafike n'pakati pomwe, ankakhuvuka ndikamayenda, ndiye ndinkaponda mosamala ngati angatayike chigubu chili chotseka. Tinadutsa mafakitale otsekedwa, udzu utamera m'mageti. Njira yonse analankhula kamodzi, osacheuka.

"Ndiye mawa? Mawa ukatambalala pageti pa ndani?"

Ndinkamvetsera mwana akupuma pakhosi panga.

Titafika iwo anagona pamphasa, nkhope kukhoma. Ine ndinaika chigubu pakona kuti madzi adikhe. Pansi panakhala kamchenga kosalala, pamwamba panayandama kakhungu konyezimira mitundumitundu. Ndinathira mumphika pang'onopang'ono, kusefa ndi duku langa la kutchalitchi, kakhungu kotsalako ndinakawengula ndi supuni. Ndinadziuza kuti madzi odutsa m'moto wa injini ndi owira kale. Ndinalawa ndekha kaye. Ankamveka chitsulo, ndi petulo chapatali. Ndinakhala ndikudikira ngati m'mimba mwanga mutembenuke, simunatembenuke. Ndinathira m'kapu ya mwana, kamchere, ndi shuga amene anatsala m'kapepala. Supuni yoyamba analavula, anandiyang'ana ngati ndamulakwira. Yachiwiri anameza. Yachitatu anagwira supuni ndi manja onse awiri.

Ndinamva mphasa ikulira. Bambo a mwana anadzuka, milomo itayera ndi ulendo, anatenga kapu yawo pamsomali, anabwera pamphika. Ndinaika dzanja pachivundikiro.

"Awa ndi a mwana."

"Iwe, ndayenda wapansi kuchokera ku Workington."

"Awa ndi a mwana, bambo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kapu ili m'manja. Dzanja langa sindinalichotse pachivundikiro. Kenako anatuluka nayo kapuyo. Sindinafunse kumene ankapita. Ndinatunga supuni ina, mwana anali atayasamula kale.